Momwe ndinaikira masipika m'chipinda cha denga lotsetsereka

Chipinda chimene ndimamvereramo nyimbo chilibe siling'i yafulati. Denga lake limakwera kuchokera ku makoma awiri am'mbali n'kukakumana pamtanda wapakati, mamita 4.5 kuchokera pansi. Masipika ndi ampulifaya zimene zinkamveka bwino m'chipinda wamba zitalowa muno zinasintha khalidwe. Woimba ankamveka ngati waima patali, mawu ake ali balala, ndipo besi inkagunda mopyola muyeso pamalo ena, ukasuntha pang'ono n'kuzimiririka.

Ndinayamba ndi kuwomba m'manja, ndikuyendayenda m'chipindamo. Ukaima pakati pa makoma awiri oyang'anana n'kuwomba kamodzi, umamva kamawu kakuti "trrr" kakutsatira. Amenewo ndi mawu amene akungonjanja pakati pa makomawo. Pakati pa simenti yapansi ndi denga panalibe zimenezo, chifukwa denga lopendekera limakankhira mawu kumbali m'malo mowabweza kumene achokera. Apa denga lotere limathandizadi. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndipo m'chipinda cha siling'i yafulati yotalika mamita 2.4 besi imaunjikana pa 71 Hz (Hz ndi chiwerengero cha mafunde a mawu pa sekondi), kungogawa 343 ndi kutalikako kuwirikiza kawiri. Denga likakhala lotsetsereka, kutalika kumasiyana malo ndi malo, choncho kuunjikanako sikugwera pamalo amodzi mwamphamvu chotero. Koma makoma akutsogolo ndi kumbuyo ali pomwepo, oyang'anana, ndipo chipinda changa cha mamita 6 m'litali chimakokomezabe besi cha pa 29 Hz ndi 57 Hz.

Vuto la denga lalitali ndi kukula kwa mpweya umene uli m'chipinda. Wallace Sabine, wa ku yunivesite ya Harvard, ndi amene anapeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kuti nthawi imene mawu amatenga kuti azilale imakwera chipinda chikamakula, ndipo imatsika mukamaonjezera zinthu zomwa mawu. Ndinatsitsa pulogalamu yaulere ya REW, yoyezera mawu m'chipinda, pa kompyuta, n'kuimika maikolofoni yoyezera ya UMIK-1 pamene pamakhala mutu wanga ndikakhala pasofa. Zinaonetsa kuti mawu ankachedwa kuzilala kupitirira theka la sekondi ndithu, pamene chipinda chomvereramo nyimbo chimakoma akamazilala pakati pa masekondi 0.3 ndi 0.5. Kapeti yochindikala ndi makatani olemera zinachepetsako msanga, ndipo pamenepo sipafunika kutaya nthawi.

Chimene chinasintha zinthu kwambiri, osagula kalikonse, ndi mbali imene masipika ayang'ana. Khutu limadziwa kumene mawu akuchokera poyerekeza nthawi ndi mphamvu zimene afika nazo kumanzere ndi kumanja. Mawu amayenda masentimita 34 pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo kusiyana kochepa chotero khutu limakugwira. Sipika imodzi ikakhala pansi pa denga lotsika, inzake pansi pa lokwera, mawu obwerera kuchokera kudenga amafika msanga mbali imodzi, mochedwa mbali inayo. Woimba amene amayenera kumveka pakatikati amapendekera kumodzi, ndipo kupotokola batani la balansi sikukonza zimenezo.

Ndiye ndinatembenuza zonse kuti mtanda wapakati uyambire pakati pa masipika awiriwo n'kudutsa pamwamba pa mutu wanga. Mwanjira imeneyi denga la kumanzere ndi la kumanja n'zofanana. Amene denga lawo limatsetsereka mbali imodzi yokha angachite bwino kuika masipika onse awiri kukhoma la mbali imene denga latsika, atayang'ana kumene denga likukwera, kuti onse akhale ndi denga lofanana pamwamba pawo. Kenako ndinayeza ndi tepi kuti mtunda wa pakati pa masipika ufanane ndi wochokera pa sipika iliyonse kufika pamene ndimakhala, ndipo sofa ndinaichotsa kukhoma lakumbuyo, kumene besi imakonda kudzazana.

Koma kukhala pansi pa mtanda kuli ndi msampha wake. Mbali ziwiri za denga zapendekera mkati, ndipo zonse zimaponyera mawu ku mzere wapakati womwewo umene ine ndakhalapo. Kuti ndipeze malo enieni amene mawu akugunda, ndinakhala pasofa, mnzanga n'kukwera makwerero atagwira kagalasi kodziyang'anira, akukatsetsereza pang'onopang'ono padenga. Nditangoona kasipika kakang'ono kapamwamba m'galasimo ndinkamuuza kuti aime, iye n'kumatapo tepi. Tinatero pa sipika iliyonse, mbali zonse ziwiri za denga, kenako pamakoma am'mbali. Mawu okwera amabwerera mofanana ndi kuwala, choncho pamene diso laona sipika ndi pomwe khutu likulandirira mawu obwerera.

Pamalo amenewo ndinapachika mafelemu a matabwa odzaza ndi mineral wool (zonga thonje zopangidwa kuchokera ku miyala kapena galasi) yochindikala masentimita 10, okutidwa ndi nsalu yoti ukauzira mpweya umadutsa. Timasiponji topyapyala tija timene anthu amamata pakhoma ine sindikhulupirira. Funde la mawu a 1,000 Hz ndi lalitali masentimita 34, la 100 Hz ndi mamita 3.4, ndiye siponji ya masentimita 2 ingachite chiyani? Imangomwa mawu okwera okha, chipinda n'kutsala chikungolira besi. Ndinasiyanso mpata wa mpweya kuseri kwa felemu iliyonse, chifukwa umathandiza kuti imwe mawu otsikirapo. Zomangira zake zilowe m'mapaso, osati m'bolodi la siling'i lokha, poti chinthu cholemera chimenechi chili pamwamba pa mutu wa munthu.

Amene denga lawo ndi lokhota, osati la mbali ziwiri zowongoka, ntchito yawo ndi yokulirapo. Denga lokhota limasonkhanitsa mawu pamalo amodzi ngati dishi ya kanema, ndipo sofa ikagwera pamalo amenewo zida zina zimamveka mokweza mosayenera. Pamenepo kusuntha mpando kumayamba, zopachika zimabwera pambuyo.

Besi ndinaimalizira. Ndinaika subwoofer, sipika ya besi yokha, pasofa penipeni pamene ndimakhala, n'kuika nyimbo ya besi yobwerezabwereza, ine n'kumakwawa m'mbali mwa makoma kumvetsera. Pamene manotsi onse anamveka ofanana mphamvu, popanda limodzi lodumphira anzake, ndi pomwe ndinakaiika. Zimaoneka zoseketsa koma zimagwira, chifukwa njira ya mawu ndi yomweyo kaya achokere uku kapena uko. M'nsonga ya denga, pamene mbali ziwiri zimakumana ndi khoma lakumbuyo, ndinaikamonso mineral wool yochindikala kwambiri, poti besi imaunjikana m'ngodya ndipo kumwambako sikusokoneza aliyense.

Nditayezanso ndi REW panatsala nsonga imodzi, pamene besi inkakwera kuposa kwina, cha pa 57 Hz, ndipo ndinaitsitsa ndi EQ, imene imachepetsa kapena kuonjezera mphamvu ya manotsi amene wasankha. Panalinso dzenje, pamene notsi ina inkasowa. Limenelo sindinayese kulikweza, chifukwa dzenje limabwera mafunde awiri akamafafanizana, ndipo ukaonjezera mphamvu amangofafanizana mwamphamvu, ampulifaya n'kumatentha pachabe. Ndinakankhira sofa kutsogolo masentimita 30, dzenjelo linachepa mokwanira, ndipo ndinalemba ndi tepi pansi pamene miyendo ya sofa ndi masipika yaima kuti posesa zizibwerera pomwepo.