Ulusi watuluka lero, koma sensa yanunkhiza sanitayiza

Ndalowa mu labu cha m'ma 7 koloko, choyamba kukasuzumira botolo lomwe ndinalisiya likutakasika usiku wonse, la madzi omwe ndikupangira ulusi wa sensa, kachipangizo komva gasi mumpweya. Muli tin chloride, mchere wa chitsulo cha tin, ethanol wosakaniza ndi DMF, madzi osungunulira mankhwala, komanso PVP, polima ija imapangitsa madziwo kunanda ngati ulimbo. Ndakoka mu sirinji, ndaika pa pampu kuti izikankha theka la mililita pa ola, kutsogolo ndamata foyilo ya aluminiyamu pa mtunda wa masentimita 15, kenako magetsi, 15 kV. Amenewotu ndi mavoti 15,000, nde singano ya sirinji ija sugwira usanazimitse, ine ndimayang'ana switchi kawiri ngakhale ndikudziwa kuti ndazimitsa.

Ukamakweza magetsi kadontho ka kunsonga kwa singano kamasiya kukhala kobulungira, kamasongoka. Amati Taylor cone, dzina la Geoffrey Taylor yemwe anafotokoza zimenezi mu 1964. Pansonga penipenipo pamatuluka kamzere kowonda, kamayamba kowongoka kenako nkumadzikwapula uku ndi uku mumpweya, kakutamuka, ethanol ndi DMF zikuuma m'njira, moti chofika pa foyilo ndi ulusi wouma kale. Ulusi umodziumodzi suoneka ndi maso, ngowonda kambirimbiri kuposa tsitsi, ma nanomita mazana ochepa basi, umangoona foyilo ikuyera pang'onopang'ono ngati kangaude wakhala akulukapo.

Ola loyamba lapita pachabe. Kuika pa maikulosikopu, mikanda yokhayokha, ulusi apa, chotupa apo. Ndinachepetsa PVP dzulo poganiza kuti ulusi uwonda kwambiri, kumeneko kunali kudzinamiza, madzi akapyapyala amafuna kubwerera kukhala madontho. Ndaonjezera, ndadikira isungunuke, cha m'ma 12 koloko ulusi wayamba kutuluka wosalala.

Podikirapo ndatsegula ng'anjo kutulutsa sampo ya dzana. Apa mpomwe ndimaopa kwambiri, chifukwa ulusi wochoka pa foyilo sunakhale sensa ayi, ndi pulasitiki chabe wokhala ndi mchere wa tin mkati. Umayenera kuwotchedwa mumpweya mpaka 600°C kuti PVP ipse yonse, chotsala ndi tin oxide, SnO2, tinjere tating'onoting'ono togwirana mondondozana, pakati pake pali timipata tomwe gasi amalowamo. Sabata yatha ndinapupuluma, ndinakweza kutentha mwachangu, ndinapeza phulusa lokhalokha lofumbutuka ukangopumira pafupi. Ulendo uno ndinakweza madigiri 2 pa mphindi, maola pafupifupi asanu kungofika pamwamba, ndipo yatuluka yachepa msinkhu, yophweka kuthyoka, koma idakali ulusi.

Masana ndaipaka pa ma electrode, tizitsulo todutsitsa magetsi, hita ndaiika pa 300°C, nkuyamba kuwerenga pa kompyuta resistance, kutanthauza mmene magetsi akuvutikira kudutsa. Mmene zimayendera ndi chonchi, okosijeni wa mumpweya amamatirira pamwamba pa tinjere tija nkulanda ma electron, tinthu tonyamula magetsi, magetsi amavutika kudumpha kuchoka pa njere ina kupita pa inzake, resistance nkukwera. Pakabwera gasi ngati carbon monoxide, hydrogen kapena nthunzi ya ethanol, amagwirana ndi okosijeni uja, ma electron abwerera kwawo, resistance pansi. Nitrogen dioxide yekha amachita zosiyana, nayenso ndi wolanda, nde amaikweza. Chomwe tikuvutikira ndi ulusi mmalo mongopaka ufa wokhuthala ndi chakuti tinjere tikachepa kwambiri pafupifupi njere yonse imakhala kunja, gasi pang'ono chabe asintha zambiri.

Nde ndakhala phee kudikira mzere wa pa sikirini ukhazikike ndisanatsegule gasi wina aliyense, chemba, bokosi loyeseramo sensa, ndili ndisanatseke bwino. Mwadzidzidzi mzere uja gwaa pansi. Mtima unagunda, ndati waya wathothoka kapena silinda ikudontha penapake, ndazungulira kuyang'ana mavalavu onse ngotseka. Kutembenuka, mnzanga wa benchi ya kumbuyo akutikita m'manja ndi sanitayiza, akundiyang'ana ngati ndapenga. Ndati achimwene, tabwerezani. Wapaka kachiwiri, mzere wagwanso, wachoka, mzere wakwera pang'onopang'ono kubwerera pomwe unali. Taseka mpaka misozi.

Ndasangalala inde, sensa ili moyo. Koma ndili pa mpando paja chimwemwe chinayamba kuzilala, chifukwa chomwe ndikufuna kuti izimva ndi carbon monoxide, osati mowa wa m'manja mwa munthu. Vuto limeneli ndi lakale, Naoyoshi Taguchi ku Japan anayamba kugulitsa masensa a tin oxide ochenjeza gasi wodontha m'nyumba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mpaka lero mtundu umenewu umamva msanga koma kusiyanitsa gasi uyu ndi uyo kumauvuta, ngakhale chinyontho cha mumpweya chimausokoneza. Galu wouwa aliyense, mwini nyumba ndi wakuba yemwe.

Mawa ndisakaniza botolo lina lokhala ndi chitsulo cha palladium pang'ono, ndiyesenso pa 250°C ndi 350°C ndione ngati ethanol ndi carbon monoxide zingasiyane. Ulusi wa lero uli kale mu ng'anjo, ndipo botolo la sanitayiza ndalisamutsira panja pa chitseko.