Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mlonda weniweni ndi alonda a mu Deus Ex

Amene munawerenga gawo lapitalo mukudziwa kuti pofika 2006 ndinali nditasiya ntchito ya m'dimba ku Randburg n'kuyamba ulonda wa usiku pa maofesi ena ake mu Johannesburg momwemo. Lero ndikamba za chinthu chimene ena muchione ngati chibwana, gemu ya pakompyuta. Musafulumire kundiseka, chifukwa m'zaka zimenezo, tikachotsa ntchito ndi tulo, palibe china chimene chinandidyera nthawi kuposa iyoyo.

Kompyuta yake inali yotola. Eni maofesi ankasintha makina, ndipo akalewo anawaunjika pakhonde kudikira owataya. Mayi amene ankayang'anira nyumbayo anati ndisankhepo imodzi ngati ndili nayo ntchito. Ntchito ndinalibe nayo, koma chaulere sakana. Ndinakafika nayo ku Rosettenville, komwe ndinkagona chipinda chimodzi ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Mnyamata wina wa ku Zimbabwe wokonza mafoni ndiye anaidzutsa, ndipo pochoka anatisiyira CD yokalikakalika, nati tikaimaliza tikamuuze ngati tidakali anthu omwewo.

Imeneyo inali Deus Ex. Inatuluka mu June 2000, yopangidwa ndi kampani ya Ion Storm ku Austin, m'chigawo cha Texas, motsogozedwa ndi Warren Spector. Pomatipeza ifeyo inali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, n'chifukwa chake chimakina chathu chokalambacho chinkaikwanitsa, ngakhale chinkalira ngati chigayo pakachuluka anthu pa sikirini.

Nkhani yake imachitika mu 2052. Iwe ndiwe JC Denton, msilikali watsopano wa bungwe lothana ndi zigawenga lotchedwa UNATCO, ndipo m'thupi mwako anaikamo timakina tosaoneka ndi maso. Amakutsitsa usiku pa Liberty Island ku New York. Chifanizo chotchuka chija cha Statue of Liberty chilibe mutu, anauphulitsa. Gulu la zigawenga la NSF labera boma katemera wa mliri umene ukupulula anthu, ndipo mtsogoleri wawo wabisala pamwamba pa chifanizocho. Padoko umakumana ndi mkulu wako Paul, yemwe amakuuza kuti usankhe chida chimodzi mwa zitatu: mfuti yowombera patali, chimfuti cha mizinga, kapena kauta ka mivi yogonetsa tulo.

Alamu ndiwo anayamba, poti iwo anali atazolowera magemu owomberana m'mashopu a m'tauni. Anasankha chimzinga, n'kuthamangira kutsogolo akuwomba ndi pisito. Sanapite patali. Anayambiranso, zomwezo. Kenako anakankha kiyibodi.

"Alamu, mfuti iyi ndi yopindika. Munthu ali apa, ndaloza pachifuma, chipolopolo chikupita ku nyanja."

Sankanama. Kawomberedwe ka mu Deus Ex n'koipa, ndipo amene angakuuzeni zina akukunamizani chifukwa choikonda. Kamtanda kolozera kamayamba kotambasuka, ndipo kuti kabwere pamodzi uyenera kuima chilili kapena kunyonyomala n'kudikira. Ukangosuntha, kabalalikanso. Munthu amene amatiuza kuti boma linawonongerapo chuma chosaneneka amalephera kulasa mdani ali patsidya pa msewu. Chifukwa chake n'choti gemuyi ndi ya mitundu iwiri yosakanizidwa. Dzanja lako pa mausi limangogwira theka la ntchito, theka linalo ndi manambala. Pali maluso 11, monga pisito, mfuti zazitali, kuthyola maloko, kulowa m'makompyuta a eni, zachipatala ndi kusambira, ndipo lililonse lili ndi masitepe anayi omwe umakwera pogula ndi mapointi. Usanagule, ndiwe mbuli yonyamula mfuti.

Chimene chinandigwira ine ndi kumene mapointiwo amachokera. Sapereka chifukwa chopha munthu. Amapereka ukakwaniritsa zimene wakutuma, kapena ukatulukira malo obisika. Utha kudutsa pagulu la adani osakhudza ndi mmodzi yemwe, malipiro ako n'kukhala omwewo. Nditazindikira zimenezi ndinatenga kauta kaja ndi ndodo ya magetsi yokomola nayo anthu, n'kuyamba kuyenda chokwawa mumdima. Khomo lakumaso la chifanizo lili ndi kamera ndi mfuti yodziwombera yokha. Ukhoza kukatenga kiyi kwa kazitape amene ali padoko lina, ukhoza kuzimitsa kamerayo pa kompyuta ya pakhoma, kapena kuzungulira kuseri n'kukwera pa mabokosi osanjikizana mpaka kukalowera pamwamba. Ine ndinadzera kuseri. Alamu, atabwerera mtima, anaphulitsa zonse za kumaso ndi mzinga. Tonse tinakafika pa munthu yemweyo.

Tsono apa mundilole ndilankhule monga katswiri, chifukwa ulonda ndinaugwira ndi manja angawa. Alonda a mu gemu imeneyi onse ndi oyenera kuchotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Amamva phokoso, amatembenuka, amayendayenda pang'ono, kenako amadziuza okha kuti palibe kanthu n'kubwerera pamalo pawo, chonsecho iwe wanyonyomala kuseri kwa bokosi lofika m'chiuno. Mnzake amene amalondera naye wasowa, iye osafunsa n'komwe. Nyumba zachinsinsi za boma zili ndi mapaipi a mpweya aakulu moti munthu wamkulu wovala chijasi amakwawamo bwinobwino, ndipo palibe amene anaganiza zowatchinga ndi waya wolimba. Kamera ikakuona imayamba yalira kaye kukuchenjeza kuti ubisale. Ndikapita ku ntchito usiku ndinkayang'ana mageti athu n'kumaseka ndekha, kuti akanakhala mbava za mu Johannesburg zimakumana ndi alonda oterewa, bwenzi m'tauni mulibe ndi mpando womwe.

Koma pa chinthu chimodzi opanga gemuyi anawadziwa anthu. Manambala otsegulira zitseko ndi mawu achinsinsi a makompyuta umawapeza atangosiyidwa patebulo kapena mu imelo ya munthu. Alamu ankati zimenezo n'zabodza, palibe angachite chomwecho. Ine ndinkayendera maofesi usiku uliwonse ndi tochi, ndipo timapepala tachikasu tomata pa sikirini ndinkationa ndi maso anga, tina tolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti mwini asavutike kuwerenga.

Ubwino waukulu wa Deus Ex ndi woti imakuyang'ana. Ku likulu la UNATCO ndinalowa chimbudzi cha amayi pongofuna kuona ngati mwabisidwa kanthu. Pambuyo pake bwana wamkulu, Manderley, atamaliza kukamba za ntchito, anandidzudzula za chimbudzicho. Ndinachita manyazi enieni, ngati kuti andiitanitsa ku ofesi. Ukapha anthu ambiri Paul amakuuza kuti sizinamusangalatse, pomwe Anna Navarre, mzimayi wa ziwalo zachitsulo amene umagwira naye ntchito, amakunyoza ukakhala wachifundo. Ngakhale Gunther Hermann, chimphona choopsa cha ku UNATCO komweko, umamupeza akudandaula kuti makina ogulitsa zakumwa anamupatsa chamandimu pomwe iye anadina chamalalanje, ndipo akukhulupirira kuti wina akumuchita chipongwe. Pambuyo pake ukamamenyana naye umakumbukira zimenezo, ndipo mtima suchita bwino.

Poti ndinkagwira usiku ndipo alamu masana, aliyense ankasewera payekha, n'kumakumana Lamlungu kufananiza nkhani. Apa mpamene tinaona kuti sitikusewera chinthu chimodzi. Pa bwalo la ndege la LaGuardia, m'ndege ya 747, amakulamula kupha Juan Lebedev, munthu wopanda chida amene wagonja kale. Alamu anawomba nthawi yomweyo, ati lamulo ndi lamulo. Ine ndinaima kumvetsera zimene ankanena, mpaka Anna anamuwombera yekha. Mnyamata wa ku Zimbabwe uja atamva anatiseka tonse awiri, nati ukhoza kutembenuza mfuti n'kupha Anna yemweyo, ndipo gemu imapitirira, anthu n'kumakamba za imfa yake. Palibe pamene inakuuzapo kuti zimenezo n'zotheka. Chimodzimodzi ku hotela ya ku Hell's Kitchen, dera la mu New York, pamene Paul wagalukira UNATCO, wavulala ndipo adani ali pakhomo, iye amakuuza kuti uthawire pa windo. Ine ndinamvera mkulu wanga, ndipo kenako ndinakapeza mtembo wake. Alamu anakana kuthawa, anamenya nkhondo m'makonde a hotelayo, ndipo Paul wawo anakhala moyo mpaka kukaonana naye ku Hong Kong. Sabata imeneyo sanandipatse mpata wopuma.

"Mwaona alamu, inu ndi chifundo chanucho mbale wanu munamusiya. Ine wankhanza ndamupulumutsa."

Pali mbali ina imene sitinkaseka. Mliri wa mu gemuyi amautcha Gray Death, ndipo katemera wake, Ambrosia, alipo koma ndi wochepa mwadala. Amapita kwa akuluakulu a boma ndi anthu a ndalama. M'misewu ya New York umadutsa anthu akutsokomola pafupi ndi migolo ya moto, ena akukupempha kuti uwathandize kufa. Zigawenga zimene wakutuma kukapha zinaba katemerayo kuti zikagawire anthu wamba. Kwathu ma ARV aulere anayamba mu 2004. Zaka za m'mbuyo mwake mankhwalawo analipo padziko, tinkamva kuti kunja anthu akudzuka nawo, koma ife tinkangokumba manda. Mlongo wanga anapita mu 2002. Sindikunena kuti anyamata a ku Texas ankaganiza za ife polemba nkhani yawo, koma ine sindinafunike kufotokozeredwa chifukwa chimene Paul anatembenukira mabwana ake.

Alamu ndiwo anatulukira bodza lalikulu la gemuyi, ndipo mpaka lero ndimawavomereza. Iwo sankafuna kuchoka ku UNATCO. Ankati munthu uli pa ntchito, uli ndi yunifomu, malipiro akubwera ukamaliza ulendo uliwonse, ungasiye zonsezo chifukwa cha mawu a mbale wako? Anazungulira mu Hell's Kitchen kufunafuna njira yokanira. Kulibe. Nkhani siisuntha mpaka utatumiza uthenga wochenjeza a NSF, ndipo ukatero basi wasanduka mdani wa boma. Gemu imene imakulola kusankha windo kapena chitseko, loko kapena bomba, pa funso lalikulu kwambiri imakugwira dzanja n'kukusainitsa. Ufulu wake uli pa kachitidwe ka zinthu. Kumene ukulowera anakonzeratu.

Zofooka zina n'zing'onozing'ono. Nkhope za anthu n'zamakonamakona, pakamwa pamangoyasama osatsatana ndi mawu. Kulikonse ndi usiku, ndipo JC savula magalasi akuda. Anthu a ku Hong Kong ndi ku Paris amalankhula Chingerezi chochita kupinda lilime moti ngakhale ife alendo tinkamva kuti wina akungoyerekeza. Luso la kusambira ndi kutaya mapointi. Ukapeza lupanga lowala la Dragon's Tooth ku Hong Kong, mipeni ndi zitsulo zonse zimatha ntchito, ndipo ukaikitsa kamakina kodzichiritsa wekha mantha amachepa kwambiri, pomwe poyamba kuthyoka miyendo kunkatanthauza kukwawa pamimba kusaka mankhwala. Chikwama chili ndi timabokosi 30 tokha, chimzinga cha alamu chija chinkadya 8, ndiye theka la nthawi yawo linkathera kusuntha katundu.

Nkhani nayo imafika ponenepa mopitirira. Ku Hong Kong inali idakali yokoma, msika wa Wan Chai, magulu awiri a zigawenga odana chifukwa cha bodza la mzimayi mmodzi, nyimbo zake zomwe mpaka pano ndimaziimba m'kamwa ndikamatsuka galimoto. Koma kenako akuthirira magulu achinsinsi ofuna kulamulira dziko otchedwa Majestic 12 ndi Illuminati, mapanga a mafupa a pansi pa Paris, makompyuta oganiza okha angapo, tinyama tolavula poizoni, ndi tizinthu totuwa tooneka ngati tochokera kumwamba. Mphekesera iliyonse imene inamvekapo ku America anaiponyamo. Zigawo zomalizira, kuyambira ku malo a asilikali a Vandenberg, anthu ocheza nawo amachepa, kumatsala makonde achitsulo ndi maroboti. Ndinapirira chifukwa ndinkafuna kuona mapeto a Bob Page, mwini chuma amene anapanga mliri ndi katemera womwe.

Mapeto alipo atatu, ndipo onse umasankhira ku Area 51, malo achinsinsi a asilikali a ku America, posatengera zimene unachita m'mbuyo monsemo. Tracer Tong wa ku Hong Kong amati uphulitse malowo kuti mauthenga onse a padziko aduke, anthu abwerere ku moyo wa m'midzi popanda wowalamulira kuchokera kutali. Morgan Everett, mkulu wa Illuminati, amati uphe Page, Illuminati ibwerere kulamulira mobisa monga kale. Kompyuta yotchedwa Helios imati uphatikane nayo, mulamulire dziko awiriwiri.

Za Tong tinagwirizana msanga kuti ayi. Moyo wa m'mudzi wopanda foni ife tinaukhala, si nthano, ndipo Lamlungu lililonse tinkaima pamzere kugula makhadi oimbira kumudzi kuti timve ngati ndalama zafika. Amene amasirira mdima wotere sananyamulepo wodwala pa njinga usiku. Alamu anasankha Everett, ati bola mabwana odziwika kale, mwezi ukatha adzalipira. Ine ndinasankha Helios, ndipo iwo anati ndagulitsa mzimu wanga kwa makina. Ndinawayankha kuti makinawo sanapemphepo chiphuphu pa chipata cha Beitbridge. Mkangano umenewo sunathe, timaudzutsabe pa maliro ndi pa maukwati, akazi athu n'kumatiyang'ana ngati amisala.

Gawo likubwerali ndifika pa May 2008, pamene ziwawa zothamangitsa alendo zinabuka ku Alexandra n'kufalikira mpaka kufupi ndi kumene tinkakhala.