Mmene ndinaikira nyali za pansi pa madzi pa kaboti ka usipa

Ndimakhala ku Mzuzu, koma chilimira cha banja lathu, khoka lophera usipa, chimagwira ntchito ku Nkhata Bay, ndipo ndalama zogulira parafini wa nyali za tilley zimachoka m'thumba langa. Parafini atakwera mtengo, komanso magalasi a nyalizo atamasweka pafupipafupi nthawi ya mwera, ndinaganiza zoika nyali za LED zoyaka pansi pa madzi pa kaboti kamatabwa kamene siginala wathu, msodzi woyendetsa nyali, amakwera pokopa usipa. Ndisanagule kanthu ndinakaonana ndi a ofesi ya zausodzi ndiponso a komiti ya padoko, chifukwa zida zophera nsomba pa nyanja ya Malawi zili ndi malamulo ake, ndipo si bwino kubweretsa chida chachilendo padoko eni ake asakudziwa.

Posankha nyali, chinthu choyamba chimene ndinayang'ana ndi chizindikiro cha IP68. M'masitolo a zamagetsi mu Mzuzu, ngakhalenso pamsika wa Taifa, mumapezeka nyali zambiri zimene ogulitsa amati sizilowa madzi, pomwe pabokosi palembedwa IP65 kapena IP67. Ya IP65 imangopirira mvula ndi madzi owazika, ya IP67 imapirira kumizidwa kwa kanthawi kochepa, pamene ya IP68 ndi imene inapangidwira kukhala m'madzi nthawi yaitali. Ndinasankhanso kuwala kobiriwira, popeza kumayenda patali m'madzi ndipo kumasonkhanitsa tizilombo ting'onoting'ono timene usipa umadya. Usipawo umabwera potsatira chakudya chimenechi.

Ine ndikuona kuti ambiri amalakwitsa poyamba ndi kufunsa kuti nyali yowala kwambiri ndi iti, pamene funso loyenera ndi lakuti batire lawo lingapirire maola angati. Ndinatenga nyali ziwiri za 12V, iliyonse ya mawati 18. Pamodzi ndi mawati 36, ndipo tikagawa ndi 12 tipeza kuti zimakoka ma amp 3. Zikayaka maola 8 zimadya 24Ah (Ah ndi muyeso wa mphamvu imene batire limasunga). Batire la sola la 100Ah, la mtundu wa deep cycle wopangidwira kutulutsa mphamvu pang'onopang'ono kwa maola ambiri, siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna kuti likhalitse, choncho mphamvu yogwiritsa ntchito ndi 50Ah, yomwe ikukwanira usiku wonse n'kutsalako. Batire la galimoto ndinalikana ngakhale linali lotsikirapo mtengo, chifukwa linapangidwira kuliza injini kwa masekondi ochepa, ndipo limafa msanga likamatsitsidwa usiku ndi usiku. Kulemera kwake nakonso n'kofunika kukuganizira, pakuti batire lotere limapitirira makilogalamu 25, ndipo pa kaboti kakang'ono liyenera kukhala pakati penipeni, m'bokosi lotseka ndi lomangidwa bwino, kuti lisapendeketse kabotiko.

Gawo limene linafuna kuleza mtima ndi la kuboola. Pali nyali zina zimene zimafuna bowo lalikulu lodutsa thupi la boti, koma mmisiri wa maboti amene ndinagwira naye ntchito anakana zimenezi, ndipo ndinagwirizana naye. Thabwa limafufuma likanyowa n'kubwerera likauma, motero bowo lililonse la pansi pa madzi limadzakhala podontha tsiku lina. Tinasankha nyali zomangirira kunja, pa thabwa lakumbuyo, pafupifupi masentimita 20 kunsi kwa mzere umene madzi amafika kaboti kakanyamula munthu ndi batire. Mzerewo tinaulemba ndi choko kaboti kali pamadzi, kenako tinakakokera kumtunda kuti kaume. Pansi penipeni sitinaikepo nyali, chifukwa kabotiko kamakokedwa pamchenga ndi pamiyala m'mawa uliwonse.

Thabwa litauma tinalipala ndi sandipepala, tinaboola timabowo ting'ono tosatulukira mkati, ndipo tinathira phula lomatira maboti lotchedwa Sikaflex 291 m'timabowomo ndi kumbuyo kwa nyali tisanamange ndi masikuluwu a stainless steel. Silikoni wa m'bafa sagwira bwino pa thabwa lokhala m'madzi, choncho musamuyese. Waya tinamukweza kunja kwa thabwalo, mkati mwa kapaipi kapulasitiki, mpaka kulowa m'kaboti kudzera pamwamba, kotero kuti palibe bowo la waya limene lili pansi pa madzi. Kaboti sikanabwerere m'nyanja kufikira phulalo litaumiratu monga momwe malangizo a pachubu amanenera.

Pa mawaya ndinagwiritsa ntchito wa kopa wa 2.5mm, ndinaika fyuzi ya ma amp 5 pafupi kwambiri ndi mutu wa pozitivu wa batire, ndipo polumikiza paliponse ndinawotcherera n'kuphimba ndi heat shrink, kapaipi kamene kamakhwinyata n'kugwira waya kakatenthedwa, pakuti tepi yakuda imamatuka ikanyowa. Siginala wathu, mkulu amene wakhala panyanja kuyambira ndili mwana, anandiuza kuti, "Bwana, nyali iliyonse ikhale ndi swichi yakeyake, kuti ndikamaukokera usipa ku chilimira ndizizimitsa imodzi, nsomba ziunjikane pamodzi." Ndinachita momwemo. Poyesa kumtunda ndinangoyatsa kwa masekondi ochepa, chifukwa nyali zimenezi zimazizira ndi madzi ndipo zimatha kupsa zikayaka nthawi yaitali pamphepo.

Nyali ya pansi pa madzi sioneka bwino kwa maboti ena akutali, n'chifukwa chake tinasiya nyali imodzi yoyera pamtengo pamwamba pa kaboti. Masana batire limatchajidwa ndi sola ya mawati 100 yodzera pa charge controller, kachipangizo koteteza batire kuti lisatchajidwe mopitirira muyeso, ndipo nthawi ya mwezi wowala, pamene usipa sukopeka ndi nyali ndipo asodzi amapuma, ndi imene ndimatsikira ku Nkhata Bay kukapukuta ndere pa magalasi ndi nsalu yofewa, kuyang'ana ngati phula silinang'ambike m'mbali mwa nyali, ndi kupaka girizi pa mitu ya batire.