Lachitatu ku Phalombe: nkhani ya napolo imene sinalowe mu lipoti

Sabata yathayi ndinali m'boma la Phalombe ndi anzanga a kafukufuku, kufunsa anthu momwe amalandirira mauthenga ochenjeza za mvula yamphamvu ndi kusefukira kwa madzi, potengera zimene zinachitika pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda monga mwa nthawi zonse: kukaonekera kwa amfumu, mafomu a chilolezo, magulu awiri pa tsiku, amayi paokha abambo paokha, usiku n'kumamvetsera zimene tajambula. Chimene ndiyenera kutchula n'chakuti tinanyamuka ndi chojambulira mawu chimodzi chokha, ndipo mnzathu wolemba manotsi anachotsedwa pa bajeti kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke. Mabatire ndinapempha kawiri mwa kalata, koma ndinauzidwa kuti amene analipowo akwana.

Lachitatu masana tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amayi khumi m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri la Michesi. Kwa mphindi makumi atatu zoyambirira amayiwo ankayankha mwaulemu koma mwachidule, ngati ana a sukulu pamaso pa mlendo. Chenjezo analimva pa wailesi, ena analandira uthenga pa foni, koma ambiri sanasamuke. Nditafunsa chifukwa, mayankho anali omwe aja amene tonse tawalemba kambirimbiri: kunalibe kopita, ankaopa akuba, sankayembekeza kuti zifika pamenepo.

Kenaka agogo ena, amene anali asanalankhulepo chiyambire, anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, inu mukufunsa za wailesi, koma ife mu 1991 amene anatidzutsa si wailesi." Anayamba kufotokoza za tsiku limene napolo anatsika m'phiri m'mwezi wa Malichi chaka chimenecho, momwe mkokomo unamvekera miyala isanafike, ndi momwe apongozi awo anathamangira khomo ndi khomo akutchula munthu aliyense dzina. Asanamalize, mayi wina anawadula pakamwa n'kunena kuti iye anali kumsana tsiku limenelo, ndipo amayi ake ankamuuza kuti fungo la dothi lonyowa linayamba kufika madzi asanaoneke. Wina anawonjezera kuti mu 2023 fungo lomwelo analimvanso, ndipo ndi limene linamutulutsa m'nyumba ndi ana. Amayi aja amene poyamba ankayang'ana pansi anasunthira kutsogolo, mawu anakwera, wina ankayamba chiganizo mnzake n'kuchimaliza, ena ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo anaiwaliratu kuti pakati pawo pali mlendo ndi chojambulira.

Amene tinaphunzira za kuyankhulana kwa anthu m'magulu timaidziwa nthawi yoteroyo. Robert Bales wa ku yunivesite ya Harvard, poonetsetsa timagulu ting'onoting'ono tikukambirana, anapeza kuti munthu akayambitsa nkhani ya zimene zinachitika kwina kapena kale, nthawi zina gulu lonse limatengeka nayo: kulankhula kumafulumira, anthu amadulana mawu, manyazi amatha. Ernest Bormann wa ku yunivesite ya Minnesota anakuza ganizo limeneli kuyambira mu 1972, n'kuonetsa kuti nkhani ikagwira gulu motero, anthu amayamba kuona dziko ndi maso amodzi, chifukwa m'nkhanimo amagwirizana kuti ngwazi ndani, wolakwa ndani, ndipo munthu wanzeru amachita chiyani. Mawu amene iye anagwiritsa ntchito potchula nkhani zoterezi, akuti fantasy, satanthauza bodza ayi, koma kufotokoza zochitika mwa njira imene imapatsa gulu tanthauzo. Zimenezi ndinaziwerenga zaka zambiri zapitazo, koma sindinazionepo zikuchitika poyera chonchi monga Lachitatu lija.

Ndipo tanthauzo limene amayiwo ankamanga linali lomveka bwino. M'nkhani yawo ngwazi ndi munthu wodziwika amene amagogoda pakhomo n'kukutchula dzina, wopulumuka ndi amene amamvera akuluakulu ndi zizindikiro za phiri, ndipo wailesi ndi foni mulibemo n'komwe. Sankanyoza a zanyengo, ndipo ena anavomereza kuti chenjezo linali loona. Koma kwa iwo uthenga wopita kwa aliyense m'chigawo chonse cha kummwera sunali wofanana ndi kuitana kwa munthu amene akudziwa kuti nyumba yako ili pafupi ndi khwawa. Limenelo ndiye linali yankho la funso lonse limene tinapitira ku Phalombe.

Nkhani ili pakatikati, nyali ya chojambulira inathima. Mabatire aja anali atatha, ndipo ena panalibe. Ndinayesetsa kulemba pamanja kwinaku ndikutsogolera zokambirana, koma munthu sangayang'ane anthu khumi kumaso ndi kulemba mawu awo nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake pantchito imeneyi pamafunika wolemba manotsi. Pamene ndinkalimbana ndi zimenezo, otiyang'anira, amene anabwera kuchokera ku ofesi kudzaona momwe ntchito ikuyendera, anandinong'oneza kuti tibwerere ku mndandanda wa mafunso, popeza kunatsala mafunso asanu ndi anayi ndipo galimoto inkayenera kunyamuka dzuwa lisanalowe chifukwa mafuta anali ochepa. Ndinawayankha kuti, "Bwana, chonde tiwasiye amalize, zimene tabwererazi ndi zimenezi." Iwo anati za napolo palibe pa mafunso athu. Ndinamvera, ndipo ndinawadula agogo aja ndi funso lakuti ndi wailesi iti imene amakonda kumvera. Anandiyang'ana kanthawi, n'kuyankha ndi mawu amodzi, ndipo sanalankhulenso mpaka tinatseka ndi pemphero.

Lachinayi tinali m'mudzi wina, ndi gulu la abambo. Nditagula mabatire ndi ndalama zanga pa sitolo ya pamsika, tinajambula zonse. Pakati pa zokambirana bambo wina anangoti "likanunkha dothi," osawonjezera kanthu, ndipo anzake onse anagwedeza mitu. Bormann analemba za zimenezinso, kuti gulu likagawana nkhani kwa nthawi yaitali, mawu awiri kapena atatu okha amakwana kuikumbutsa yonse. Ndikadapanda kumva amayi aja dzulo lake, mawu amenewa ndikadawadumpha ngati opanda ntchito, ndipo ndikudziwa kuti womasulira amene adzalandire tepiyo ku ofesi adzawadumpha ndithu.

Chimene chandipweteka koposa chinachitika Lachisanu, titabwerera ku ofesi kukagawa mayankho m'mitu. Zokambirana zonse zimayamba zamasuliridwa m'Chingerezi, chifukwa amene amapereka ndalama sawerenga Chichewa, ndipo omasulira amalipidwa potengera kuchuluka kwa matepi amene amaliza, choncho palibe amene amachedwa pa mawu amodzi. Mphindi zochepa za nkhani ya agogo zimene zinajambulika zinasanduka mzere umodzi wonena kuti ena amakhulupirira njoka ya m'phiri, ndipo mzerewo unaikidwa pansi pa mutu wa zikhulupiriro zolepheretsa anthu kumvera chenjezo. Ndinatsutsa. Ndinafotokoza kuti palibe mayi ngakhale mmodzi amene ananena kuti anakhala m'nyumba chifukwa cha napolo, koma kuti nkhani ya napolo ndi imene inatulutsa ena mwa iwo pa nthawi ya namondwe wa Freddy, ndipo ngati tikufuna kuti chenjezo lizimveka, tiyenera kulipereka kwa anthu amene m'nkhani ya mudziwo ndiwo amagogoda pazitseko. Anandiyankha kuti mitu inavomerezedwa kale ntchito isanayambe, ndipo kuwonjezera wina kungachedwetse lipoti.

Ndagwira ntchito imeneyi zaka zoposa khumi, ndipo ndimanyadira kuti anthu amene saulula zakukhosi kwa alendo amatha kumasuka pamaso panga. Kutopa kwa maulendo, kugona m'malo opanda madzi ndi kuchedwa kwa alawansi ndinazizolowera kalekale. Koma kudula gogo pakamwa pamene wayamba kukupatsa chinthu chimene wachisunga zaka zoposa makumi atatu, pofuna kumaliza mndandanda wa mafunso olembedwa ndi munthu amene sanaonepo Michesi, sindikufuna kuzolowera.

Loweruka lonse ndinakhala pa kompyuta kulemba m'Chichewa zonse zimene ndikukumbukira pa zokambirana zija, ndi kusonyeza amene anayamba, amene anadula mnzake ndi pamene mawu anakwera, ndipo zinakwana masamba asanu ndi limodzi. Ndazitumiza kwa mkulu wa kafukufuku pamodzi ndi pempho lakuti ndiloledwe kubwerera kumudzi kuja tsiku limodzi, ndi wolemba manotsi ndi mabatire okwanira, kuti agogo aja akamalize nkhani yawo.