Kuika mtengo ndi kugulitsa Plymouth 'Cuda yotsegula denga

Munthu akandipatsa 'Cuda yotsegula denga kuti ndimugulitsire, funso lake loyamba limakhala la mtengo. Ine mtengo ndimautchula pomaliza. Ndimayamba ndi tochi, kagalasi koonera m'makona ndi kamera, chifukwa magalimoto awa, amene Plymouth inapanga mu 1970 ndi 1971, akhoza kufanana ngati mapasa koma mitengo yake n'kusiyana kakhumi. Wogula amalipirira umboni wakuti galimotoyo ndi yomwe mukunenayo, ndipo umboniwo uli pa chitsulo.

Choyamba ndi VIN, nambala ya zilembo 13 yomwe ili pa kachitsulo ka pa dashibodi, mbali ya dalaivala. Iyenera kuyamba ndi BS27: B ndi Barracuda, S ndi 'Cuda, 27 ndi denga lotsegula. Ikayamba ndi BH27, imeneyo ndi Barracuda wamba, ngakhale ataimata zizindikiro za 'Cuda thupi lonse. Chilembo chachisanu ndi chimene chimanyamula ndalama. Chimasonyeza injini, yomwe imatchulidwa ndi nambala ya kukula kwake: H ndi injini ya 340, N ndi 383, U ndi 440 ya kabureta imodzi, V ndi 440 ya makabureta atatu, R ndi 426 Hemi. Kenako pamabwera 0 kapena 1 kusonyeza chaka, B woimira fakitale ya Hamtramck ku Michigan, ndiye manambala asanu ndi imodzi a galimotoyo payokha. Za Hemi zotsegula denga zopita ku msika wa ku America zinapangidwa 14 mu 1970, ndipo za 1971 sizinapitirire 12 kuphatikizapo zotumizidwa kunja. Za chilembo V zinali 29 mu 1970 ndi 17 mu 1971. Ndimayang'ananso marivete awiri ogwira kachitsuloko. A kufakitale ali ndi mutu wooneka ngati duwa. Akakhala ozungulira wamba, kachitsuloko kanachotsedwapo, ndipo ndiyenera kudziwa chifukwa chake wogula asanandifunse.

Ndikatsegula boneti ndimapita pa fender tag, kachitsulo kena komangidwa ndi masikuluwu awiri m'kati mwa fenda ya kumanzere. Kamawerengedwa kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Mzere wapansi uli ndi injini ndi giyabokosi: E74 ndi Hemi, E87 ndi 440 ya makabureta atatu, E63 ndi 383 ya 1970 (mu 1971 ndi E65), E55 ndi 340, D21 ndi giya ya pamanja ya magiya anayi. Mzere wotsatira uli ndi mtundu wa penti, monga FC7 wa pepo kapena FJ5 wobiriwira mowala, komanso tsiku lomwe galimotoyo inakonzedwa kuti ipangidwe. Pa tsikulo miyezi imalembedwa 1 mpaka 9, kenako A, B ndi C poimira October, November ndi December. Pamwamba pali zowonjezera, monga N96 ya boneti yoboola pakati ija yotchedwa shaker. Koma kachitsulo aka anthu amasindikiza katsopano mosavuta, choncho pakokha si umboni wokwanira.

Umboni wovuta kunamiza uli pa thupi lenileni. Mbali ya VIN inadindidwa pa chitsulo chogwira rediyeta ndiponso pa chitsulo cha pansi pa galasi lakutsogolo. Nthawi zambiri penti amakwirira manambalawa. Ndimawalitsa tochi cham'mbali, osakanda ndi sandipepa. Ngati palibe, mwina chitsulocho chinasinthidwa pambuyo pa ngozi, kapena manambala a galimoto yowola anasamutsidwira pa thupi lina. Chachiwirichi ndi mlandu ku America, ndipo galimoto yotero sindiigulitsa ngati yeniyeni.

Injini imadindidwa kumanja, pa kamalo kosalala pafupi ndi pamene sampu ya oyilo yamangidwira. Giyabokosi ilinso ndi kamalo kake kumanja. Manambala omalizira ayenera kufanana ndi a pa dashibodi. Apa ndimatenga nthawi. Anthu ena amapala kamaloko n'kudinda manambala atsopano, ndiye ndimaona ngati pakuoneka popalidwa, ngati zilembozo zikufanana ndi za kufakitale, ndiponso tsiku lomwe buloko ya injini inaumbidwa, lomwe limaoneka m'mbali mwake. Buloko youmbidwa pambuyo pa tsiku la pa fender tag kawirikawiri si yomwe inatuluka ndi galimotoyo. Zikatero sindibisa. Ndimalemba kuti injini ndi ya mtundu woyenera koma si yoyamba, n'kutsitsa mtengo ndekha.

Pepala lofunika kuposa onse ndi broadcast sheet, lomwe ogwira ntchito m'fakitale ankatsatira pomanga galimotoyo. Ankalisiya m'masipuling'i a mpando wakumbuyo, pansi pa kapeti, kapena kuseri kwa kabokosi ka pa dashibodi. Mukalipeza m'mpando, lijambuleni lili pomwepo musanalikhudze, chifukwa pepala la zaka zoposa 50 limafumbutuka ngati tsamba louma la fodya. Musalimate mu pulasitiki wotenthetsa. Liikeni m'kathumba koonekera. Limalemera chonchi chifukwa mbiri ya kufakitale yomwe Chrysler, kampani yomwe inali mwini wa Plymouth, imapereka imalekezera pa magalimoto a 1967. Wa Pontiac GTO amangoitanitsa mapepala ku PHS, kampani yosunga mbiri ya magalimoto a Pontiac, wa Ford Mustang amagula lipoti la mbiri ya kufakitale lotchedwa Marti Report, koma wa 'Cuda alibe kothawira. Pa galimoto ya V kapena R ndimalipiranso katswiri woima payekha kuti aione ndi maso n'kulemba lipoti. Galen Govier ndi Dave Wise ndi maina amene ogula magalimoto a Chrysler amawadziwa. Lipoti la munthu amene alibe gawo pa malondawo limatseka mikangano yambiri.

Zikatha za manambala, galimoto imakwera pa lifiti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti wonyezimira sanena kanthu za pansi. Dzimbiri limakonda pansi pa buti, kumunsi kwa mafenda akumbuyo, pansi pa mapazi, njanji za shasi zakumbuyo, ndi m'dzenje momwe denga limapindikira, makamaka timipata totulutsa madzi tikatsekeka. Galimoto yopanda denga lachitsulo imadalira za pansizo kuti isapindike pakati, n'chifukwa chake fakitale inaikamo zitsulo zolimbitsa m'makona. Ndimatsegula ndi kutseka zitseko galimoto ili pansi, kenako ili m'mwamba. Mpata wa chitseko ukasintha kwambiri, pansi pafooka. Ndimayendetsanso kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti pa thupi lonse. Penti wopopera kamodzi nthawi zambiri sapitirira ma micron 200. Pamene pakuwerenga 1,000, pali fila, phala lomata pokwirira popindika kapena poboola.

Denga ndimalikweza ndi kulitsitsa katatu. Ngati ndi la pampu, ndimayang'ana kuseri kwa mpando wakumbuyo ngati mafuta akudontha, ndi kuona ngati mbali zonse ziwiri zikukwera limodzi. Likamakwera mopendekeka, silinda imodzi yatopa.

Zokonza ndisanagulitse ndi zochepa dala: mabuleki, kudontha kwa petulo, batire, kulinganiza makabureta, ndi kuyeza mphamvu ya masilinda onse asanu ndi atatu, omwe sayenera kusiyana kuposa 10 peresenti. Kupenta mwatsopano ayi. Ndalama zake sizibwerera zonse, ndipo wogula wodziwa amakayikira penti wa dzulo. Galimoto yomwe ikadali ndi penti woyamba ndimangoitsuka mosamala, osapopera ngakhale pansi pake, chifukwa zizindikiro za choko ndi madontho a penti zomwe anasiya a kufakitale ndi umboninso. Chilichonse chochotsedwa, kaya kabureta yakale kapena pampu ya madzi, chimalowa m'bokosi lopita ndi galimotoyo, popeza zambiri zili ndi madeti ake.

Tsopano mtengo. Kampani ya inshuwalansi ya Hagerty imaika magalimoto akale m'magulu anayi: 1 ndi yopambana pa mpikisano, 2 ndi yabwino kwambiri, 3 ndi yabwino yoyendera, 4 ndi yoyenda koma ya zilema zooneka. Pafupifupi mwini aliyense amaika yake pa 2 pomwe ili pa 3. Ndimagwiritsa ntchito mitengo ya Hagerty ngati poyambira chabe, kenako n'kufunafuna magalimoto amene anagulidwadi m'miyezi 24 yapitayi, a chilembo chomwecho cha injini. Mtengo umene munthu walemba pa chilengezo si mtengo, ndi khumbo lake. Pa iliyonse ndimalemba zinthu zisanu: giya ya pamanja kapena yodzisintha, injini yoyamba kapena ayi, broadcast sheet ilipo kapena palibe, mtundu wa penti, ndi kuchuluka kwa chitsulo chosinthidwa. Giya ya pamanja imakweza mtengo, mitundu yowala ija chimodzimodzi, bola ikhale yolembedwa pa fender tag. Yopentedwa pepo pomwe kachitsulo kakunena kuti inali yobiriwira moderako imatsika.

Za Hemi n'zimene zimasokoneza anthu mitu. Mu 2014 ku Seattle, pa okushoni ya Mecum, ya 1971 ya giya ya pamanja ndi injini yake yoyamba inagulidwa madola 3.5 miliyoni. Mu 2021 ku Indianapolis ina inafika pa madola 4.8 miliyoni koma mwini wake anakana. Ameneyo ndi mtengo womwe sunalipiridwe, ndiye sindiuwerengera. Ndipo ngati yanu ndi ya 340 kapena 383, manambala amenewa asakukhudzeni; msika wake ndi wina.

Pali msampha wina. Mitengo yambiri yofalitsidwa imaphatikiza ndalama zomwe wogula amawonjezera kwa a okushoni, nthawi zambiri pafupifupi 10 peresenti. Tiyerekeze kuti nyundo yagwa pa madola 300,000. Nyuzi zidzalemba 330,000. Inu akakudulani 10 peresenti yanu mutsala ndi 270,000, musanachotse ya malo pa okushoni, lole yotseka yonyamulira, ndi hotelo. Choncho ndimalemba manambala atatu: yomwe ndikuyembekezera, yomwe ingafike ogula awiri akalimbirana, ndi yotsikitsitsa yomwe mwini angalandire m'manja zonse zitachotsedwa. Yachitatuyi timagwirizana ndi kusainirana tisanapite kulikonse, chifukwa pa nsanja, anthu akukuwa ndipo wa okushoni akukunong'onezani kuti muchotse malire a mtengo wotsikitsitsa omwe munaika, mutu sugwira.

Kogulitsira kumadalira galimotoyo. Ya V kapena R ndimaipititsa kumene ogula ake amasonkhana: Mecum ku Kissimmee mu January kapena ku Indianapolis mu May. Kumeneko mukhoza kuika reserve, mtengo womwe galimoto siingapite osaufika. Barrett-Jackson ku Scottsdale, mu January momwemo, imagulitsa magalimoto ambiri popanda malire otero. Anthu amachuluka, koma tsiku likakhala loipa galimoto imapitabe. Funsani tsiku ndi ola lomwe yanu idzakwere pa nsanja musanasaine. Loweruka masana ndi Lachiwiri m'mawa ndi misika iwiri yosiyana. Ya 340 kapena 383 imayenda bwino pa intaneti, monga pa Bring a Trailer, komwe malonda amatenga masiku asanu ndi awiri ndipo wogula amawonjezera 5 peresenti yokhala ndi malire. Dziwani kuti kumeneko anthu odziwa amafunsa mafunso poyera, ndipo muyenera kukhala pafupi ndi foni sabata yonse. Reserve yokwera kwambiri ndi yoopsa kulikonse: galimoto yosowa chonchi ikalephera kugulidwa, VIN yake ndi mtengo womwe inafika zimakhala pa intaneti mpaka kalekale, ndipo wogula wotsatira amayambira pomwepo.

Zithunzi ndimajambula zosachepera 200, ndipo theka lake ndi za pansi, za manambala onse odindidwa, ndi za zilema. Ndimawonjezera kanema woliza injini itazizira, dzanja litagwira kaye paipi ya utsi kusonyeza kuti siinatenthetsedwe. Kawerengedwe ka mtunda kali ndi manambala asanu okha, kamabwerera pa ziro kakadutsa mamailosi 99,999, ndiye ngati palibe malisiti otsimikiza, ndimalemba kuti mtunda weniweni sukudziwika.

Mapepala a umwini ndimawayang'ana kumayambiriro, osati wogula atapezeka. VIN ya pa title, chikalata cha umwini wa galimoto, ifanane ndi ya pa dashibodi chilembo ndi chilembo. S wolembedwa ngati 5, kapena B ngati 8, akhoza kuimitsa malonda kwa milungu ingapo. Ngongole iliyonse yolembedwa pa galimotoyo ichotsedwe. Madera ena sapereka title ya magalimoto akale: ku New York, ya 1972 kubwerera m'mbuyo imasamutsidwa ndi chikalata cha kalembera, ndipo wogula wa kudera lina auzidwe zimenezi msanga.

Pogulitsa mwachindunji, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndimalandira ndalama zotumizidwa kuchokera ku banki kupita ku banki, kapena kudzera kwa mkhalapakati wosunga ndalama, ndipo ndimaimbira banki yanga pa nambala yomwe ndimaidziwa kale kuti itsimikize kuti zalowadi. Cheke, ngakhale cha banki, chikhoza kuoneka ngati chadutsa n'kubwezedwa patapita masiku khumi, galimoto ili kale kutali. Wolipira mopitirira n'kupempha kuti mumubwezere chenji ndi wakuba. Pa kalata ya malonda ndimalemba VIN, mtengo, tsiku, kuti galimoto yagulitsidwa momwe ilili, ndi zonse zomwe ndinaulula za injini ndi chitsulo chosinthidwa.

Inshuwalansi siithetsedwa mpaka galimoto itakwera lole ndipo dalaivala wasainira pepala losonyeza momwe waipezera. Ndimaijambula mbali zonse ali pomwepo, denga litakwezedwa ndi kukhomedwa, petulo ali pa kota ya thanki. Ndimamuonetsa kalizidwe kake, chifukwa injini ya makabureta angapo imamira petulo munthu akapondaponda. Bokosi la zida zakale limakwera nawo. Broadcast sheet, title ndi malisiti sizikwera lole. Zimapita pazokha, ndi mtenga wofuna siginecha ya wogula.