Ndinapita Kukaona Mpukutu wa Yesaya, Ndinabwerako ndi Fungo la Makala

Chikwangwani choyamba chimene ndinayesa kuwerenga titangotsika ndege ku Tel Aviv chinandivula ulemu. Ndinali nditatha zaka ziwiri ndikulimbana ndi Chiheberi usiku ndikaweruka kuntchito, Chigiriki chaka chimodzi, ndipo mumtima ndinkadziyesa munthu woti akafika kumeneko azikangowerenga chilichonse. Zilembo ndinazizindikira ndithu, zonse 22 ndimazidziwa, ndipo maso anayambira okha kudzanja lamanja kupita kumanzere. Koma timadontho ndi timizere tija tothandiza katchulidwe, timene timadzaza m'Baibulo langa la Chiheberi, panalibe ndi kamodzi komwe. Eni dziko salemba timeneto pa zikwangwani zambiri ngakhale m'nyuzipepala. Ndinangoti kakasi, chikwama chili m'manja.

Abusa ena opuma pantchito, amene tinagawana nawo chipinda ulendo wonse, anandiyang'ana cham'mbali. "Achimwene, Chiheberi chanu chija mwachiiwala m'ndege kodi?"

Abusawa maganizo awo anali atandiuza kale tili m'mwamba. Iwo alalikira zaka makumi anayi ndi Baibulo la Chichewa, aikira nalo maliro, adalitsira nalo maukwati, ndipo palibe tsiku limene mawu anawaperewera. Achinyamata amene amaima pa guwa n'kumati "m'Chigiriki mawu awa amatanthauza zakuti" amawatopetsa, chifukwa nthawi zambiri chimene akufuna n'choti anthu adziwe kuti iwo anapita kusukulu. Ine sindinayankhe. Ndinkadziwa kuti mwa achinyamata amenewo ndilimo.

Tsiku lachiwiri tili ku Yerusalemu tinapita ku Israel Museum, komwe kuli nyumba yotchedwa Shrine of the Book, imene anaitsegula mu 1965. Denga lake ndi loyera, loumbidwa ngati chivundikiro cha mitsuko imene munapezeka mipukutu ya ku Nyanja Yakufa. Mumalowa mumdima pang'ono, mumatsetsereka, kenaka pakati penipeni mumapeza mpukutu wa Yesaya utazungulira chipilala. Umene amaonetsa pamenepo ndi chithunzi chofanana ndendende ndi weniweni, poti chikopa chenichenicho chimaonongeka ndi kuwala. Kutalika kwake ndi mamita 7 ndi pang'ono, uli ndi madanga 54, ndipo machaputala onse 66 a Yesaya alimo. Unalembedwa zaka zoposa zana Yesu asanabadwe. Abusa a ziweto a Chibeduwini anaupeza m'phanga ku Qumran cha mu 1947, ndipo pofika 1956 mapanga 11 anali atatulutsa zolemba.

Ndinazungulira katatu. Mulibe manambala a machaputala, mulibe mavesi, timadontho tija namonso mulibe, ndipo dzanja la mlembi silifanana ndi zilembo zosindikiza. Anzathu anatuluka kukajambulitsa panja, ine ndikungotsata mizere ndi maso ngati munthu wofuna ndalama yogwera mu udzu. Kenaka ndinaona mawu awiri ofanana ataima pamodzi: nachamu, nachamu. Otsatira anali ami. Tonthozani, tonthozani anthu anga. Yesaya 40 vesi 1. Thupi lonse linachita tsemwe. Munthu wina amene dzina lake palibe akulidziwa anaviika cholembera mu inki zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo ine ndinamumva popanda womasulira pakati pathu. Mawu atatu okha, koma anali anga.

M'chipinda chapansi m'nyumba yomweyo muli Aleppo Codex, buku limene linalembedwa ku Tiberias cha m'ma 930, ndipo timadontho take anaikamo ndi Aaron ben Asher, mmodzi wa alembi otchedwa Amasorete. Alembi amenewa ndi amene anaopa kuti katchulidwe kadzaiwalika, n'kuyamba kuika tizizindikiro pansi ndi pamwamba pa zilembo osasuntha chilembo ngakhale chimodzi. Pakati pa mpukutu wapamwamba uja ndi buku lapansili pali zaka pafupifupi chikwi. Akatswiri atawayerekeza anapeza zosiyana zambiri ndithu, koma zochuluka ndi za kalembedwe ka mawu ndi tinthu ting'onoting'ono. Yesaya ndi yemweyo. Nditawafotokozera abusa zimenezi anangoti, "Ndiye kuti langali n'labwinobwino." Ndinavomera. Pamenepo anandigwira.

Koma madzulo ake ndinawabwezera. Ndinawapempha atsegule Yesaya 5 vesi 7, pamene mwini munda wamphesa akudandaula kuti anayembekezera chiweruzo cholungama koma anapeza kukhetsa mwazi, anayembekezera chilungamo koma anamva kulira. Anawerenga, tanthauzo lonse lilipo. Ndiye ndinawawerengera mokweza m'Chiheberi changa chopunduka: anayembekezera mishpat, koma taonani mispach, anayembekezera tsedaqah, koma taonani tse'aqah. Anandiuza ndibwereze. Mawuwo amasiyana pang'ono zedi, moti womva chapatali angaganize kuti mneneriyo wanena chinthu chimodzi kawiri. Ndi mmene zinaliri m'dzikomo: makhoti analipo, oweruza atakhala pamipando yawo, chilichonse chikuoneka ngati chilungamo, koma mukayandikira n'kutchera khutu ndi kulira kwa anthu. Mneneri anaika ulaliki wonsewo m'kamvekedwe ka mawu. Womasulira, ngakhale waluso chotani, ayenera kusankha pakati pa tanthauzo ndi kamvekedwe, ndipo amachita bwino kusankha tanthauzo. Tangoganizani mutauza mlendo nthabwala yoseweretsa mawu oti mtengo, wa m'nkhalango ndi wa pamalonda. Mukamaliza kumufotokozera, kuseka kwatha kale.

Unali mwezi wa February, ndipo m'mapiri ozungulira Yerusalemu mitengo ya amondi inali itachita maluwa oyera ndi ofiirira pang'ono, mitengo ina yambiri ikadali yopanda kanthu. Amondi ndi mtengo umene umayamba kudzuka nyengo yozizira isanathe. Yeremiya kwawo kunali ku Anatoti, mtunda waufupi kumpoto chakum'mawa kwa mzindawu, ndiye ankaudziwa bwino. Pa Yeremiya 1 vesi 11 ndi 12, Mulungu atamufunsa kuti akuona chiyani, iye anati nthambi ya shaqed, ndiye kuti amondi, ndipo Mulungu anati waona bwino, pakuti Ine ndili shoqed, ndili maso pa mawu anga kuti ndiwachite. Kuyambira ubwana vesi imeneyi inkandisokoneza. Nthambi ya mtengo ikugwirizana bwanji ndi kukhala maso? Ndinkangoiwerenga n'kudutsa, monga timachitira ndi mavesi ambiri amene sitifuna kuvomera kuti sitikuwamva.

Za ku Qumran sindinena zambiri. Mumatsika kuchoka ku Yerusalemu mpaka makutu kutseka, poti Nyanja Yakufa ili mamita oposa 400 kunsi kwa mlingo wa nyanja zikuluzikulu. Kuli mabwinja, zitsime zosambiramo za mwambo, ndi mapanga amene mumangowaonera patali. Chimene ndikukumbuka ndi mphepo youma imene inkatiwaza fumbi m'maso. Chiheberi chili ndi liwu limodzi, ruach, pamene ife timasiyanitsa mphepo, mpweya ndi mzimu. Mu Ezekieli 37, m'chigwa cha mafupa owuma, liwuli likubwera kakhumi m'mavesi 14, ndipo womasulira amakakamizika kumalisintha: apa mpweya, apa mphepo zinayi, apa Mzimu wanga. Woliwerenga m'Chiheberi amamva liwu limodzi likukula pang'onopang'ono mpaka kufika kwa Mulungu mwini. Chigiriki nacho chili ndi pneuma, ndipo ndi limene lili kawiri pa Yohane 3 vesi 8, poyankhula ndi Nikodemo.

Ku Betelehemu, pansi pa tchalitchi choyandikana ndi malo amene amati Yesu anabadwira, kuli timapanga timene amati Jerome ankagwiriramo ntchito. Munthu ameneyu anakhazikika m'mudzimo mu 386, ndipo anachita chinthu chimene ambiri panthawiyo sanachikonde: pomasulira Chipangano Chakale m'Chilatini anasiya kudalira Baibulo la Chigiriki limene mipingo inazolowera, n'kubwerera ku Chiheberi, kumaphunzira kwa aphunzitsi achiyuda. Augustine, bishopu wotchuka wa nthawi imeneyo, anamulembera kalata yodandaula, yonena zimene zinachitika mumzinda wa Oea, umene lero ndi Tripoli ku Libya. Bishopu wina anawerenga buku la Yona m'kumasulira kwatsopanoko, ndipo chomera chija chimene chinapatsa Yona mthunzi chinatchulidwa ndi dzina lina losiyana ndi limene anthu anazolowera. Mumpingo munabuka chipwirikiti moti bishopuyo anatsala pang'ono kutsala yekha. Abusa anaseka mpaka kugwira khoma. "Anthu ndi omwewo, achimwene. Sinthani liwu limodzi m'vesi imene anailoweza ali ana, muone." Ndinaona kuti abusawo anamukonda Jerome, ngakhale iye anali wa mbali yanga.

Masiku awiri omaliza tinali ku Galileya. Ku Tabgha, m'mphepete mwa nyanja, kuli katchalitchi ka miyala yakuda komangidwa mu 1933, pamalo amene mwambo umati Yesu anakumana ndi ophunzira ake atauka kwa akufa, n'kufunsa Petro katatu ngati amamukonda. Apa ndi pamene ndinkadikira ulendo wonse. Ndinali ndi ulaliki wanga m'thumba, umene ndinaumva kwa ena n'kuulalikiranso ndekha kangapo: kuti Yesu anafunsa kawiri ndi liwu loti agapao, chikondi chapamwamba chaumulungu, Petro n'kumayankha ndi phileo, chikondi wamba cha pa chibwenzi, mpaka kachitatu Yesu anatsika kudzamupeza pamene anali. Ndinawafotokozera abusa titakhala pamwala, madzi akunyambita timiyala.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anafunsa modekha, "Kodi pagombe pano tsiku limenelo, awiriwa ankayankhulana m'Chigiriki?"

Ndinasowa chonena. Chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku cha anthu a ku Galileya chinali Chiaramu, ndipo n'chifukwa chake Mauthenga Abwino anasunga mawu ngati Talita kumi ndi Abba. Funso lawo silinagwetse ulaliki wanga palokha, poti Yohane analemba m'Chigiriki ndipo mawu anawasankha yekha. Koma linandituma kukafufuza mmene Yohane yemweyo amawagwiritsira ntchito kwina, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Usiku umenewo ndinakhala pakhonde la nyumba ya alendo ndi Chipangano Chatsopano cha Chigiriki. Pa Yohane 3 vesi 35, Atate akonda Mwana, liwu lake ndi agapao. Pa Yohane 5 vesi 20, Atate akonda Mwana, liwu lake ndi phileo. Za Lazaro, mu chaputala 11, vesi 3 ili ndi phileo, vesi 5 ili ndi agapao, chikondi chomwecho cha Yesu yemweyo. Ndipo Dema amene anasiya Paulo chifukwa chokonda dziko lino, pa 2 Timoteo 4 vesi 10, analikonda ndi agapao. Ngakhale m'ndime ya Petro yomweyo Yohane akusinthasintha mawu a nkhosa ndi a kudyetsa, monga mlembi wosafuna kubwereza liwu limodzi. Alipo akatswiri amene amaonabe kusiyana pamenepo, ndipo sindikuwanyoza. Koma ine ndinali nditaimirira pamaso pa anthu n'kunena motsimikiza chinthu chimene ndinangochitola. Chigiriki chochepa chimaledzeretsa kuposa kusachidziwa n'komwe.

Ndili wokhumudwa choncho ndinabwerera pamwamba pa chaputala 21 cha Yohane, pamene pali nkhaniyi, kuti ndiwerenge bwinobwino, liwu ndi liwu, poti m'Chigiriki sindingathe kuthamanga ngakhale nditafuna. Pa vesi 9 ndinapunthwa pa liwu limene sindinkalidziwa: anthrakia. Ndinatsegula dikishonale. Moto wa makala. Ndipo pansi pake panalembedwa kuti m'Chipangano Chatsopano chonse liwuli likupezeka kawiri kokha. Kwinako ndi pa Yohane 18 vesi 18, m'bwalo la mkulu wa ansembe, usiku wozizira, pamene Petro ankaotha moto pamodzi ndi akapolo ndi alonda, n'kukana katatu kuti munthu ameneyo samudziwa.

Ndinatseka buku. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi makala oyaka amadziwa kuti fungo lake limakakamira m'zovala, ndipo mukalimvanso patapita nthawi limakubwezerani pamalo pomwe munali. Petro akutuluka m'madzi atanyowa, m'bandakucha, ndipo chimene chikumulandira pagombe ndi fungo la usiku umene ankafuna kuuiwala. Yesu wasonkha yekha moto umenewo, waikapo nsomba ndi mkate, wamudyetsa kaye, kenaka mafunso atatu.

Ndinawadzutsa abusa, ngakhale kunali kutada kwambiri. Anavala magalasi, n'kutenga Baibulo lawo lachikuto chong'ambika, n'kutsegula malo onse awiri chala chili pakati. Anawerenga apa, anawerenga apo. "Zilimo," anatero. "Moto wa makala, konse kuwiri." Zinalimodi. Omasulira athu sanabise kanthu. Ine ndinali nditawerenga mavesi amenewa m'Chichewa kosawerengeka, maso akungotsetsereka chifukwa mawu ake ndi ozolowereka ngati njira ya kunyumba. Ndinawafunsa ngati iwo anali atazionapo kale. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati m'zaka makumi anayi chaputala chimenechi achilalikira mwina Pasaka aliyense, koma moto umenewu anali asanauone.

M'mawa mwake, basi isananyamuke kubwerera ku bwalo la ndege, ndinawapeza atakhala okha kumadzi, Baibulo lili pamiyendo. Anandipatsa cholembera n'kuloza m'mphepete mwa tsamba, pafupi ndi vesi 9.

"Tandilemberani liwu lija apa. M'zilembo zake zenizeni, osati zathuzi."

Ndinalemba pang'onopang'ono, dzanja likunjenjemera, ndipo chilembo chachitatu ndinachilakwitsa n'kuchikonza. Anachiyang'anitsitsa, n'kufunsa dzina lake. Ndinati theta. Anabwereza kawiri chapansipansi, woyendetsa basi akuimba hutala.