Njinga yamoto yakale: yokonza ndi iti, yosinthitsa ndi iti?

Njinga ikayamba kufuka utsi n'kumalephera chitunda itasenza matumba awiri a mpunga, wa kabaza amayamba kuganiza zoisinthitsa: apereke yakaleyo, awonjezerepo ndalama, atenge ina. Ambiri kuno ku Salima amaluzira pamenepa. Amataya njinga yongofuna maringi (timikombero ta pa pisitoni ya injini), n'kutenga yowala penti koma yotheratu m'kati. Wogula njinga zakale amadziwa kuti vutolo ndi laling'ono, ndipo pa mtengo umene akukuuzaniwo wachotsapo kale ndalama zokonzera ndi phindu lake.

Yambani mwaona utsi. Ilizeni m'mawa injini isanatenthe. Utsi wakuda usakuopseni: petulo akuchuluka kuposa mpweya, ndipo kawirikawiri chosefera mpweya chatsekeka ndi fumbi kapena kabyuleta ikufunika kutsuka. Wabuluu wonunkha oyilo ndiye ukutanthauza kuti oyilo akupsa limodzi ndi petulo. Ukatuluka pongoliza kenako n'kusiya, ndi timasilo ta mavalavu. Ukamapitirira, makamaka mukakoka moto, maringi atha. Apa makaniko atsegule hedi (chivundikiro cha injini) aone m'buloko, mmene mumayenda pisitoni. Mukakhala mosalala, maringi ndi magasiketi atsopano akwanira. Mukakhala mokandikakandika, kapena kumtunda kuli kamlomo kokola chikhadabo, buloko ikabooledwe n'kuikamo pisitoni yokulirapo. Masayizi ake amakwera ndi 0.25 mm mpaka kufika 1.00 mm. Pa njinga ngati Lifo ndi King Lion ambiri amangogula buloko, pisitoni ndi maringi pamodzi, ntchito n'kutha tsiku lomwelo. Ikatero muiyendetse mofatsa makilomita 500 oyamba, musaisenzetse katundu wolemera, kenako muthire oyilo wina.

Chimene chimadya maringi kuno ndi mchenga. Mukangochoka pa tala kulowera ku Lifuwu kapena m'midzi ya ku Senga Bay, injini imapuma fumbi lokhalokha. Siponji ya chosefera ikang'ambika, kapena ikabwezeredwa youma osaipaka oyilo pang'ono, mchengawo umalowa mpaka m'buloko. Onjezerani kutentha kwa mu Okutobala ndi oyilo wokhalitsa. Injini za 125cc ndi 150cc zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, choncho ndi kuchepa kwakeko sachedwa kutha mphamvu. Ife timati muzithira oyilo wolembedwa 20W-50, ndipo asinthidwe pa makilomita 1,000 alionse ngati njingayo ndi ya kabaza. Amene sasamala zimenezi, yatsopanoyo idzamufukiranso utsi posachedwa.

Tcheni, masipuloketi, mapuleti a kilatchi, mabuleki, mabushi ndi matayala zisakupatseni maganizo ogulitsa njinga, zimenezi zimatha pa njinga iliyonse. Kungoti tcheni muzisintha pamodzi ndi masipuloketi onse awiri, ndipo muzisiya kuti izisewera masentimita awiri kapena atatu.

Matenda enieni ali pansi. Mukamva kugogoda kolemera kochokera m'munsi mwa injini, kokulirakulira mukakoka moto, khuthulirani oyilo m'mbale yoyera muone padzuwa. Mukapeza tizitsulo tonyezimira, ndiye kuti mabering'i a kilanki kapena konirodi akudyeka. Magiya nawo akamadumpha okha, injini iyenera kung'ambidwa pakati. Imakonzeka ndithu, koma kilanki, magiya ndi buloko zikafuna ndalama nthawi imodzi, werengani bwino. Zikapitirira theka la mtengo umene njingayo ingagulidwe, ilekeni ipite.

Felemu ndiye sitinyengerera. Chotsani thanki ndi mpando, pukutani, muyang'ane pakhosi pamene pamalowa mafoloko ndiponso pamene pamangidwa chitsulo chogwira tayala lakumbuyo. Kaliyala ikathyoka ndi madengu a nsomba kapena matumba a makala, iwotcheredwe, palibe vuto. Koma mng'alu wa pakhosi, ngakhale wowotcherera akhale katswiri, umabwereranso pambali pa chowotchereracho, ndipo tsiku lake udzalekana muli pa liwiro mumsewu wa M5 mutanyamula mwana wa eni. Imaninso kumbuyo kwa njinga muone ngati matayala awiriwo ali pamzere umodzi. Ikamakokera mbali imodzi, tayala n'kumadyeka mbali imodzi, mafoloko ndi mabushi zili bwinobwino, felemu inapindika. Yoteroyo isanyamulenso anthu, ndipo wogula muzimuuza zoona.

Kumbali ya ndalama, kumbukirani kuti kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo njinga ndi masipeya omwe, poti n'zochokera kunja, zinakwera. Njinga yanu yakale, ngati felemu ndi kilanki zili bwino, siyotsika mtengo monga mukuganizira. Lembani kwa miyezi itatu zimene mwalipira kwa makaniko ndi masiku amene njinga yagona osagwira ntchito, chifukwa kwa wa kabaza tsiku logona limapweteka kuposa sipeya. Mukatsimikiza zoisiya, kugulitsa nokha kumapindulitsa kuposa kusinthanitsa, makamaka alimi akangokolola mpunga, ndalama zili m'manja.

Mapepala musawaone mopepuka. Njinga zambiri zinalowa m'dziko muno osadzera ku MRA, ndipo kupereka yanu ya blue book n'kutenga yopanda chikalata chilichonse ndi kugula mlandu. Nambala ya injini ndi ya felemu zifanane ndi zolembedwa m'bukumo, ndipo pamene zinadindidwapo pasaoneke popalidwa kapena popakidwa penti yatsopano. Yanu yakaleyo isinthidwe dzina ku Road Traffic, chifukwa ikakachita ngozi ili m'dzina lanu apolisi adzayamba kufunsa inu. Lemberanani kalata pamaso pa mboni.

Tsiku lokaona njinga imene mukufuna kutengayo, gwirani injini ndi dzanja musanailize. Ikakhala yofunda, mwiniwake waitenthetseratu, ndipo utsi wa m'mawa simuuona, kugogodanso simukumva. Muuzeni kuti mubweranso mawa m'mamawa ndi makaniko wanu, ndipo asailize inu musanafike.